Mitengo yobwera yopanda dothi kumizu: ndiibzale bwanji kuti igwire?

Funso: Chaka chatha ndinagula mitengo 5 ya maapozi ndi mapichesi. Inabwera yopanda chubu, yopanda dothi, mizu itangokulungidwa mu utuchi ndi pulasitiki. Inakhala pakhonde masiku 4 podikira kuti anyamata amalize kukumba. Maenje tinakumba ofika m'chiuno, tinadzazamo manyowa a m'khola ndi feteleza pang'ono, ndipo ndinabzala mozama kuti mphepo isaigwetse. Itatu inaphuka masamba kenako n'kufota, iwiri ilipo koma ikungonyentchera. Chaka chino ndaitanitsanso ina. Ndinalakwitsa pati?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kulemba zonse mosabisa, mpaka kuya kwa dzenje ndi masiku amene mitengo inakhala pakhonde, chifukwa yankho lanu lagona momwemo. Mitengo yanu sinafe ndi ulesi ayi. Ntchito munagwira, yoposanso imene inkafunika, koma thukuta lonse linathera pa dzenje pamene mizu inali kuuma pakhonde. Mtengo wobwera wopanda dothi umaphedwa kawirikawiri ndi zinthu ziwiri: mizu kuuma usanalowe pansi, ndi kukwiriridwa mozama. Kwa inu zonsezi zinafikira pamodzi.

Mwina mumadabwa kuti mtengo wozulidwa, wokutumulidwa dothi, ungayende bwanji ulendo wa masiku n'kukafika wamoyo. Chinsinsi chake ndi tulo. Maapozi, mapichesi, mapulamu, mphesa ndi maluwa a rozi zimayoyola masamba nyengo yozizira n'kugona. Masamba ndiwo amataya madzi a mtengo, choncho akachoka, mtengo susowa madzi ambiri, ndipo chakudya chake chimakhala chosungidwa m'mizu ndi m'tsinde. A nazale amauzula nthawi imeneyi. N'chifukwa chake mitengo yotere imagulitsidwa nyengo imodzi yokha pachaka: ku Ulaya ndi kumpoto kwa America ndi kuyambira Novembala mpaka Malichi, pomwe m'mayiko a kumwera kwa dziko lapansi ndi cha m'ma Juni mpaka Ogasiti. Ine ndimaikonda kuposa ya m'machubu, chifukwa mizu mumaiona ndi maso anu, ndipo sinazolowere kuzungulira m'chikho cha pulasitiki ngati njoka yodzipinda. Koma mitengo yosayoyola masamba, monga malalanje, mandimu, mango ndi mapeyala, sigona tulo lotere. Wina akadzakugulitsani imeneyi mizu ili pamtunda, mukane.

Tsono za masiku 4 aja. Mukayang'ana mizu mumaona ikuluikulu yonga zala, n'kuganiza kuti poti ikuoneka yaiwisi zonse zili bwino. Mizu ikuluikuluyo ndi nkhokwe chabe, ndiponso ndiyo imagwiriziza mtengo pansi. Yomwa madzi ndi timizu tating'onoting'ono tonga ulusi, ndipo timeneti tikakhala padzuwa kapena pamphepo timauma m'mphindi zochepa, osati m'masiku. Tikauma sititsitsimukanso ngakhale mutathira madzi mgolo wonse. Chopusitsa n'chakuti mtengo wotere umaphukabe. Umagwiritsa ntchito chakudya chimene unasunga, umatulutsa masamba okongola, mwini munda n'kusangalala, kenako dzuwa likatentha masamba akufuna madzi, pansi palibe wotunga. Ndi zimene munaona pa itatu ija. Anthu ambiri amaloza chala matenda kapena chiswe, pamene mtengo unafera pakhonde kalekale, kungoti maliro anachedwa kumveka.

Chaka chino maenje akhale okonzeka mitengo isanafike. Tsiku lofika, masulani mtolo pamthunzi. Mizu yabwino imapindika osathyoka, ndipo mukaidula pang'ono mkati mumaoneka moyera. Ikakhala yakuda, yoterera, yonunkha chowola, kapena youma gwa ngati nkhuni, bwezani kwa amene anakugulitsani tsiku lomwelo. Palani khungwa la kanthambi ndi chikhadabo: pansi pake pazioneka pobiriwira ndi ponyowa. Mukatero viikani mizu mu ndowa ya madzi kwa maola 2 mpaka 6. Musapitirire tsiku lathunthu, chifukwa mizu imapuma, ndipo m'madzi oima mpweya umatha. Popita kumunda mitengo ipite ili m'ndowa momwemo kapena itafunditsidwa chiguduli chonyowa, ndipo muzitulutsa umodziumodzi pamene dzenje lake lafikiridwa. Chizolowezi choyala mitengo yonse m'mbali mwa maenje kuti muone mmene mzere ukhalire n'chimene chimapha yomalizira. Alimi ena amapanga phala la dothi ndi madzi n'kuviikamo mizu kuti ivale matope, ndipo ndi nzeru yabwino tsiku la mphepo.

Zikavuta kuti simungabzale tsiku lomwelo, sikuti zathera pomwepo. Kwa tsiku limodzi kapena awiri, nyowetsani utuchi uja, mangani bwino, ikani m'chipinda chozizira chopanda dzuwa. Zikapitirira apo, kumbani kangalande pamthunzi, tsamiritsani mitengo chopendekeka, kwirirani mizu yonse ndi dothi lonyowa, pondani pang'ono, thirirani. Itha kukhala motero milungu ingapo, bola muizule isanayambe kuphuka.

Nkhani ya dzenje ndiyo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa pamenepa ndimatsutsana ndi anthu ambiri, ena a iwo odziwa ulimi kuposa ine pa mbewu zina. Maganizo athu amatiuza kuti mtengo umakula pansi monga mmene ukulira kumwamba, ndiye tiukumbire mozama. Koma mukaona mtengo waukulu umene wagwetsedwa ndi mphepo, mizu yake imaoneka ngati lichero, yotambasuka m'mbali. Mizu yambiri ya mtengo imakhala m'masentimita 60 oyambirira a nthaka, mmene muli mpweya, ndipo imayenda m'mbali kupitirira pamene pathera nthambi. Ndiye dzenje loyenera ndi lotambalala, losazama. M'lifupi likhale kuwirikiza kawiri kapena katatu kutambasuka kwa mizu, zomwe pa mtengo wa chaka chimodzi kapena ziwiri zimakhala masentimita 60 mpaka mita imodzi. Kuya kwake kungokwanira mizu basi, ndipo nthawi zambiri sikupitirira masentimita 30 kapena 40.

Dzenje lanu lofika m'chiuno lodzaza manyowa linachita zinthu zitatu zoipa. Manyowa akamawola amaphwa, ndipo mtengo umatitimira nawo, moti umene munaubzala mozama kale unazamiranso. Ngati dothi lanu ndi la makande, dzenje lofewa pakati pa nthaka yolimba limasanduka mtsuko: madzi amalowa mosavuta koma alibe potulukira, mizu n'kukhala m'chithaphwi. Ndiye manyowa osapsa ndi feteleza zikakhudza mizu yodulidwa kumene zimaiwotcha, chifukwa mchere wake umakoka madzi kuchoka m'mizu m'malo moti madziwo alowe. Muzu umene wangotuluka m'ndowa uli ndi mabala ponseponse, ndipo palibe amene amathira mchere pabala.

Ndikudziwa kuti alangizi ambiri amanena za dzenje la masentimita 60 mbali zonse, ena mpaka mita. Sindikunena kuti ndi bodza. Pamene pali chikwakwalala cholimba pansi, chimene mizu singaboole, kuchiswa n'kothandiza. Koma dzenje lotero limakumbidwa milungu ingapo mitengo isanafike, limakwiriridwanso, limathiriridwa kuti dothi likhazikike, ndipo mtengo umabzalidwa pamwamba pake m'kadzenje kakang'ono. Cholakwika ndi kutenga kuya kwa dzenje ngati kuya kobzalira.

Musanabzale, yesani malowo. Dzazani dzenje ndi madzi, aphwe, dzazaninso. Ngati mawa lake madzi akadalimo, pamenepo pichesi sangakhale, chifukwa mapichesi amadana kwambiri ndi madzi oima. Sankhani malo ena, kapena unjikani mulu wa dothi wotambalala, wotalika masentimita 30 kapena kuposerapo, mubzale pamwamba pake. Komanso ngati khasu kapena fosholo yasalaza makoma a dzenje mpaka kunyezimira, akandeni kuti akhale okakala, mizu ipeze polowera.

Pokwirira, bwezerani dothi lomwe munakumbalo, mutaphwanya zibuma ndi kuchotsa miyala ikuluikulu ndi mizu ya udzu. Mtengo udzakhala m'nthaka imeneyo zaka makumi angapo, ndipo ndi bwino uizolowere kuyambira tsiku loyamba. Manyowa anu musataye. Malo ake ndi pamwamba, mtengo utabzalidwa kale, ndipo akhale okupsa bwino. Mvula ndi nyongolotsi zidzawatsitsa zokha. Feteleza adikire mpaka mtengo utaphuka masamba n'kuonetsa kuti wagwira.

Nanga mtengo ulowe pansi mpaka pati? Yang'anani tsinde chakumunsi. Pali malo pamene limayamba kutambasuka ndi kutulutsa mizu yoyamba. Ine ndimati khosi la mtengo. Nthawi zambiri pamwamba pang'ono pa khosilo mumaona khungwa lasintha mtundu, kusonyeza pamene dothi la ku nazale linkalekezera. Pamenepo ndi pomwe dothi lanu lilekezere, ndipo muzu wapamwamba kwambiri ukwiririke ndi masentimita ochepa chabe. Gonekani ndodo yowongoka kudutsa pakamwa pa dzenje kuti ikuuzeni pamene nthaka ili, chifukwa maso amanama munthu ukawerama. Mukakayika, kwezani mtengo pang'ono. Wokwera mutha kuuwonjezera dothi mawa, koma wozama mulibe nawo chochita chapafupi. Khungwa la tsinde linapangidwira mpweya, ndipo likakhala m'dothi lonyowa limawola pang'onopang'ono mozungulira mpaka njira ya chakudya pakati pa masamba ndi mizu itaduka. Imfa yake imatenga chaka, zaka ziwiri, nthawi zina zisanu, n'chifukwa chake anthu salumikiza imfayo ndi tsiku lobzala.

Pa mitengo ya zipatso palinso chifukwa china. Pamwamba pa khosi muona mfundo yotupa kapena popindika pang'ono. Apo ndi pomezanitsa. Mtengo wanu ndi mitengo iwiri: wapamwamba ndiwo mtundu wa chipatso chimene munasankha, wapansi ndiwo mwini mizu, ndipo ndiwo umalamula kukula kwa mtengo wonse. Pa maapozi, mitundu yambiri ya mizu imene ikugwiritsidwa ntchito padziko lonse inasankhidwa pa malo ofufuzira za ulimi a East Malling ku Kent, ku England, amene anatsegulidwa mu 1913. N'chifukwa chake pa kapepala ka mtengo mumapeza zilembo monga M9 kapena MM106, zomwe ndi maina a mitundu ya mizuyi (M wa mu M9 akuimira Malling). Apozi womezanitsidwa pa M9 amakhala wamfupi, mamita 2 mpaka 3, amabereka msanga, koma mizu yake ndi yosalimba moti amafuna chikhomo moyo wake wonse. Wa pa MM106 amakula kuposa apo ndipo akakhazikika amadziimira yekha, koma khosi lake limawola msanga m'dothi losunga madzi. Mukakwirira mfundo ija, mtengo wapamwamba umatulutsa mizu yakeyake, ndipo zonse zimene munalipirira pa mtengo wapansi zatayika. Mfundoyo ikhale masentimita pafupifupi 10 pamwamba pa nthaka. Funsani a nazale kuti mitengo yanu ili pa mizu ya mtundu wanji, chifukwa yankho lake ndilo likuuzeni kutalikirana kwa maenje.

Kubzala kwenikweniko ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo sikutenga nthawi. Dulani ndi mpeni wakuthwa mizu yothyoka kapena yophwanyika, yotsalayo muisiye. Pakati pa dzenje umbani kamulu ka dothi, kapondeni kalimbe, khazikani mtengo pamwamba pake, mizu itsetserekere mbali zonse ngati miyendo ya kangaude. Muzu wina ukatalika kuposa dzenje, musaupinde kuti ukwane. Ukumbireni kanjira kake. Muzu wopindidwa umakula chopindika, ndipo wozungulira tsinde udzalipotokola ukadzanenepa. Wina agwire mtengo chilili, wina azithira dothi, wogwirayo azigwedeza mtengo pang'onopang'ono kuti dothi lilowe m'mipata ya mizu. Dzenje likafika pakati thirani madzi, aphwe, malizani kukwirira, kenako tsinderani ndi manja kapena pondani mopepuka. Tikufuna kuchotsa mphako za mpweya, osati kuumba njerwa. Umbani kamzere ka dothi kozungulira kuti madzi asathawe, thirani ndowa ya malita 20 pang'onopang'ono. Mukaona kuti mtengo watitimira, ukokereni m'mwamba dothi likadali lofewa.

Mantha anu a mphepo anali oona, koma mankhwala ake ndi chikhomo. Chikhomeni m'dzenje mtengo usanalowe, kuti musabaye mizu, ndipo chikhale kumbali imene mphepo imachokera. Chikhale chachifupi, chogwira tsinde chakumunsi, kuti mutu wa mtengo uzigwedezeka ndithu. Kugwedezekako ndiko kumanenepetsa tsinde. Mangani ndi chinthu chofewa ndi chotambalala, monga lamba wodula ku chubu chakale cha njinga, mopingasa ngati nambala 8 kuti khungwa lisakhuzike pa chikhomo. Waya ndi chingwe chopyapyala zimadya khungwa. Pakatha chaka kapena ziwiri chotsani, kupatula pa mitengo yaifupi ija ya M9.

Pali chinthu chimene anthu ambiri dzanja limawalemera kuchita: kudula mutu wa mtengo wa zipatso utangobzalidwa. Ngati wabwera ngati kandodo kopanda nthambi, uduleni pa masentimita 70 mpaka 90 kuchokera pansi, pamwamba pang'ono pa diso la mphukira. Nthambi zidzatuluka pansi pa podulapo, pamsinkhu woti mudzathyole zipatso mutaima pansi. Zimawawa kutaya theka la chinthu chimene mwangogula kumene, ndikudziwa, inenso ndinazengereza ulendo woyamba. Koma ukasiyidwa umangothamangira kumwamba. Izi ndi za mitengo ya zipatso yokha. Mtengo wa mthunzi musaudule nsonga, chotsani nthambi zothyoka basi. Ndipo ukachita maluwa chaka choyamba, athotholeni, mphamvu ipite kumizu.

Pa kathiriridwe, chala chanu chikhale mlangizi. Mtengo wopanda masamba sumwa madzi ambiri, ndipo kuuthirira tsiku ndi tsiku kumawoletsa mizu. Pisani chala m'dothi: mukamva chinyezi, dikirani. Masamba akatuluka ludzu limakwera, ndipo kukakhala kopanda mvula, ndowa imodzi kapena ziwiri kamodzi kapena kawiri pamlungu ndi poyambira pabwino, mochulukirapo pa dothi lamchenga. Kuthirira kokhutitsa mwa apo ndi apo kumaposa kuwaza pamwamba tsiku lililonse. Pitirizani motero nyengo yonse yoyamba ya chilimwe, ngakhalenso yachiwiri.

Udzu ndi mdani amene anthu amamuderera. Mizu yake ili pamwamba pomwe pali timizu ta mtengo wanu, ndipo imatha madzi msanga. Lambulani bwalo la mita imodzi m'mimba mwake, phimbirani ndi udzu wouma, masamba kapena zipalapala za mitengo, kuchindikala masentimita 5 mpaka 10. Koma siyani mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde. Zophimbira zikaunjikidwa pakhosi zimachita zomwe zija za kubzala mozama, ndiponso zimaitana chiswe ndi mbewa pafupi ndi khungwa. Kumene dzuwa limawomba kwambiri, khungwa lanthete limapsa n'kung'ambika. Pakani tsinde laimu, kapena penti yoyera yamadzi yosungunulidwa theka ndi theka, osati ya mafuta. Ngati pali mbuzi kapena akalulu, mpanda wa mtengo uliwonse umangidwe tsiku lomwelo lobzala, chifukwa mbuzi siidikira kuti mupeze mpata Loweruka.

Mukatha zonsezi, mitengo ina idzaphuka msanga, ina idzakhala duu milungu ingapo ngati ndodo zozika. Musaikoke kuti muone mizu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Palani khungwa pang'ono: pakabiriwira, moyo ulipo. Mphukira zotuluka pansi pa mfundo ya pomezanitsa muzizithothola zikadali zanthete, chifukwa ndi za mtengo wapansi ndipo zitha kulanda mtengo wonse.

Simunandiuze mitundu imene mwaitanitsa, ndiye ndiponyepo mawu. Maapozi ndi mapichesi amafuna kuzizidwa maola okwanira, pamene kutentha kuli pafupifupi madigiri 7 kapena kutsika, kuti adzuke bwino kutulo. Mitundu yambiri ya maapozi imafuna maola mazanamazana, ina kupitirira 1,000. Kumalo kofunda mitundu yotere imaphuka mwa apo ndi apo, imaoneka yodwala ngakhale mutaibzala mwaluso. Ngati kwanu sikuzizira kwambiri, funsani mitundu yosafuna kuzizira kochuluka, monga Anna, wochokera ku Israel, ndi Dorsett Golden, wochokera ku Bahamas. Iwiriyi imachita maluwa nthawi yofanana ndipo imathandizana kubereka, choncho imabzalidwa moyandikana.

Za iwiri imene yatsala ija, musaitaye mtima. Tengani kakhasu kakang'ono kapena gwiritsani manja, fukulani dothi mozungulira tsinde mosamala mpaka mupeze khosi ndi mizu yoyamba. Ngati khungwa la pamenepo likadali lolimba ndipo kuzama kwake ndi masentimita ochepa, chotsani dothi lowonjezeralo mopalasa mpaka patali, kuti pasakhale kabeseni kosunga madzi pakhosi. Ngati yazama kwambiri, poti yangotha chaka chimodzi, idikireni iyoyole masamba, muizule ndi mizu yambiri momwe mungathere, muibzalenso pamsinkhu woyenera tsiku lomwelo. Mukapeza khungwa lawola kuzungulira tsinde lonse, umenewo wapita.

Maenje atatu amene munafera mitengo aja musabzalemo yatsopano momwe alili. Manyowa a mmenemo akadaphwabe, ndipo apozi kapena pichesi wobzalidwa pomwe panafera mnzake nthawi zambiri amakula monyinyirika chifukwa cha tizilombo totsalira m'dothi. Sunthani mamita awiri kapena kuposerapo ngati malo alipo. Manyowa a m'maenjemo pofika pano apsa bwino, ndiye afukuleni muwayale pamwamba pozungulira mitengo yatsopano ikadzaphuka, kupatula a m'dzenje limene mwapezamo mizu yowola ndi yonunkha.